Tilembe chiyani pa chiliza cha abambo?

Wachisamba (Area 25): Mwaswera bwanji nonse. Nkhaniyi ndaibweretsa pano chifukwa pa foni timangodulana mawu. Mwezi wa Ogasiti tikwanitsa chaka abambo chitisiyireni. Ndalankhula ndi atsibweni komanso azakhali, tagwirizana kuti chiliza chimangidwe mvula isanagwe, mwina chakumapeto kwa Seputembala. Mmisiri wozokota mwala ndamupeza kale kuno ku Lilongwe ndipo akufuna mawu sabata yamawa. Dzina, chaka chobadwa ndi chaka chomwalira n'zodziwika kale. Chatsala ndi mzere umodzi wam'munsi. Iye akuti ambiri amangolemba kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Mawuwo ndi abwino, koma ine mtima wanga ukufuna mawu oti munthu akawerenga adziwe kuti apa pagona abambo athu, osati wina aliyense. Aliyense anenepo.

Naphiri wa ku Joni: Zikomo achimwene poyambitsa. Ndikuwerenga ndili m'galimoto kupita ku ntchito, misozi yayamba kale. Ine ndinene kuti tilembe "Mwapumula ku zowawa zanu". Zaka 7 munthu akulimbirana mpweya si zocheza. Tsiku limene achemwali anandiimbira kuti zatha, mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti akapume. Za mwala ndi simenti musade nkhawa, nditumiza pa Mukuru mwezi ukatha.

Mzime: Ndikugwirizana nawo achemwali. Ine chimene chimamvekabe m'makutu mwanga ndi chifuwa chija cha m'bandakucha, makamaka mu Juni ndi Julayi kukazizira kwathu ku Dedza. Ndikabwera pa holide ndinkagona chipinda choyandikana ndi chawo, ndinkawerenga kutsokomola kwawo mpaka tambala woyamba. Anavutika abambo.

Azakhali: Ana inu, taimani kaye. Alongo anga anakhala ndi moyo zaka 74. Anadwala zaka 7 zokha. Nanga zaka 67 zinazo mwaziika kuti? Mwala umenewo udzakhalapo ife tonse titapita. Zidzukulu zanu zidzafika pamandapo n'kuwerenga kuti agogo awo anali munthu wa zowawa basi? Ayi, ine ndakana. Munthu amene uja anali woseka, wamphamvu, wonyamula thumba la chimanga paphewa kuchokera kudimba mpaka kunyumba osatula. Matenda anangobwera kumapeto ngati mlendo woipa. Musawalembe pamwala.

Naphiri wa ku Joni: Pepani azakhali, sindinaganize mbali imeneyo.

Azakhali: Palibe cholakwa mwanangu. Ndikungofuna muwakumbukire onse athunthu.

Wachisamba (Area 25): Azakhali anena zoona. Ndiye tiyeni tichite chonchi: mawu a pamwala tiwasiye kaye, aliyense anene chimene amawakumbukira nacho, mwina mawuwo atuluka okha. Ndiyambe ine. Ndimawaona ali pakhonde la sitolo ija pa Linthipe, makina a Singer ali patsogolo, tepi yoyezera ili m'khosi, choko ali kukhutu. Sukulu ikatsala pang'ono kutsegulidwa ankasoka mpaka usiku ndi nyali ya galasi, ine ndikuwagwirira nyaliyo tulo tili m'maso. Chaka cha 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira ku sukulu ngati ngumbi. Makolo ena ankafunabe yunifolomu koma ndalama analibe. Abambo ankalemba mayina m'kope lachikuto chofiira n'kunena kuti mudzapereke mukakolola. Ena anabweretsa mtedza, ena nkhuku, ena sanabwerenso. Kope limenelo sindinawaonepo atalitenga kupita nalo pakhomo pa munthu kukalonjerera ngongole.

Mzime: Kopelo lilipo achimwene. Lili m'sutikesi yachitsulo ija pansi pa bedi la amayi. Ndinaliona nthawi ya maliro tikufunafuna chiphaso chawo.

Atsibweni (akulemba ndi mdzukulu wawo): Ana anga, maso anga sathanso kuona tizilembo ta pa foni, ndiye ndikuyankhula mwanayu akulemba. Inu mwawadziwa alamu anga ali telala. Ine ndinawadziwa tisanakwatire tonse, pa mzere wa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Tinakumana ku depoti ya ku Blantyre, pamalo amene mpaka lero mumawatchula kuti pa Wenela pokwerera basi paja. Anativula malaya, kutiyeza pa sikelo, dokotala n'kutimvetsera m'chifuwa. Wopepuka kapena wotsokomola ankamubweza. Bambo anuwo anadutsa mosavuta, chifuwa chawo chinali ngati ng'oma. Tinakwera ndege pa Chileka mpaka Francistown ku Botswana, kuchoka apo sitima ya pamtunda mpaka Johannesburg. Aka kanali koyamba tonsefe kukwera ndege, iwo anandigwira dzanja njira yonse koma akunamizira kuti akundilimbitsa mtima ine.

Tisanatsike pansi anatilowetsa m'chipinda chotentha ngati uvuni, kukwera ndi kutsika pa chitepe maola angapo tsiku lililonse, kuti thupi lizolowere kutentha kwa mumgodi. Kenako anatitumiza ku mgodi wa golide kufupi ndi Welkom. Tinkagona ku komponi, amuna okhaokha, chilankhulo chake Fanakalo. Ine ndinali wa fosholo, wopakira miyala. Iwo anawapatsa makina obowolera mwala, ntchito yolemera kuposa zonse. Akabowola, ena amaika zophulitsira, mwala n'kusweka, ife n'kulowa kukapakira. Tikamatuluka m'keji, chikepe cha mumgodi chija, madzulo tinkakhala titayera mbuu, ukamina m'mphuno mumatuluka zangati phala la simenti. Tinkaseka, osadziwa kuti fumbi limenelo tikupita nalo kwathu.

Ku komponi komweko ndi kumene anaphunzira kusoka. Kunali mkulu wina wa ku Mozambique amene ankasoka zigamba pa maovolosi Lamlungu, iwo ankakhala pambali pake m'malo mopita kumowa. Ndipo ndi komweko kumene ndinawauza kuti kwathu ndili ndi mlongo wanga wosakwatiwa.

Naphiri wa ku Joni: Atsibweni, nkhani ya kugwirana dzanja mu ndegeyi sanatiuzepo! Ine ndimakhala kuno zaka zonsezi koma ku Welkom sindinafikeko. Ndipitako ndisanabwere kumudzi, ndikangoona dera lake.

Azakhali: Alamu, mwandikumbutsa 1974. Mwezi wa Epulo tinamva pa wailesi kuti ndege ya Wenela yagwa ku Francistown itangonyamuka, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo afera pomwepo. Alongo anga anali atalemba kalata kuti kontirakiti yatsala pang'ono kutha. Mudzi wonse unasonkhana pakhomo pathu ngati pa siwa. Amayi athu anakhala masiku osadya, akungoyang'ana kumsewu. Patapita masabata kalata inafika, yolembedwa ndi dzanja lawo, kuti ndili moyo, ndegeyo sinali yathu. Amayi anavina pabwalo atanyamula kalatayo m'mwamba. Ngozi imeneyo ndi imene inachititsa Kamuzu kuletsa anthu kupita ku migodi.

Atsibweni (akulemba ndi mdzukulu wawo): Eya, analetsa, ndipo tinabwerako ambirimbiri. Njira inatsegukanso mu 1977, dzina litasintha kukhala TEBA, ife tinkati Theba. Ine sindinabwererenso, mantha anandigwira. Iwo anapitanso kawiri atakwatira kale, chifukwa ankafuna malata ndi makina awoawo. Ulendo womaliza anabwera ndi Singer ija ndi njinga. Posakhalitsa, mu 1988, njirayo inatsekekeratu pa nkhani ija yoyeza magazi kuti aone ngati munthu ali ndi HIV.

Wachisamba (Area 25): Njinga imeneyo ndi imene inatipulumutsa pa njala ya 2002. Anaigulitsa pamodzi ndi wailesi n'kugula chimanga. Makina okha anakana. Ankati njinga ndi miyendo, miyendo ndili nayo, koma makina ndi munda.

Mzime: Achemwali a kumudzi sanalankhulepo chiyambire. Ndikuona kuti akuwerenga. Achemwali, muli bwino?

Naphiri wa kumudzi: Ndilipo. Ndakhala ndikuwerenga kuyambira m'mawa, ndalemba n'kufufuta katatu. Ndinene zimene zili mumtima, mundikhululukire ngati zipweteke wina.

Munthu amene mukumukambayu ine ndikumusaka m'mutu mwanga koma sindikumupeza. Ndikudziwa kuti analipo, inenso ndinagwirako nyali pakhonde paja. Koma ndikatseka maso ndimaona abambo atakhala pamphasa usiku, atatsamira thumba la chimanga limene tinaliika kukhoma ndi pilo pamwamba, chifukwa zaka 3 zomaliza sankatha kugona chagada. Akangogona mpweya unkawathawa. Ndimaona mapewa akukwera ndi kutsika, mitsempha ya m'khosi itatuluka, milomo itada. Ndimaona supuni ya phala la mgaiwa lothira nsinjiro ili m'dzanja langa, ndikudikira kuti apeze mpata pakati pa mpweya ndi mpweya kuti ameze. Mbale imodzi inkatha ola lathunthu, phala n'kuzizira, ine n'kukatenthetsanso. Moto ndinasiya kukoleza pafupi ndi nyumba chifukwa utsi pang'ono pokha unkawayambitsa chifuwa, ndinkaphikira kuseri kwa nkhokwe ngakhale mvula ikugwa.

TB inawagwira kawiri. Ulendo uliwonse miyezi 6 ya mankhwala, m'mawa uliwonse asanadye. Kuchipatala ndinagonako maulendo amene ndinasiya kuwerenga, gadiyani pansi pa bedi, chitenje chimodzi choyala china chofunda, kuphika kukhitchini ya magadiyani ndi nkhuni zogula. Akawaika pa okosijeni nkhope inkabwerera, ankayamba kucheza ndi odwala anzawo. Tikatuluka, masiku awiri okha zonse zabwerera pakale, chifukwa kunyumba kulibe magetsi oyendetsera makina amenewo.

Ndipo ndinene ichi, chifukwa ndachisunga chaka chathunthu. Ndalama munkatumiza, sindikukana, popanda inu sitikanafika pamene tinafikapo. Koma foni ikalira kuti ndalama yalowa, ine ndinkakhala ndili ndi beseni m'manja. Munkaimba n'kufunsa kuti abambo ali bwanji. Palibe anafunsapo kuti nanga iwe uli bwanji. Lero mukukumbukira telala woseka, ine munandisiyira wodwalayo ndekha, ndipo ndi yekhayo amene watsala m'maso mwanga. N'chifukwa chake ndinali chete.

Naphiri wa ku Joni: Achemwali, ndatuluka panja pa ntchito kuti ndilire bwinobwino. Mwanena zoona, sindinafunsepo. Ndinkaopa yankho lake. Ndinkadziwa kuti mukati ndatopa, ine ndilibe chochita, mapepala anga sankandilola kumangopita ndi kubwera. Ndiye ndinkathamangira kutumiza ndalama kuti mtima wanga ukhale pansi. Ndikhululukireni.

Wachisamba (Area 25): Mlongo wanga, ine ndiye ndilibe pothawira. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Linthipe ndi ulendo wa ola limodzi pa minibasi. Ndinkabwera Loweruka ndi shuga ndi sopo, kukhala maola atatu, n'kubwerera ndikudziuza kuti ndawaona. Sindinagonepo usiku umodzi kuti iwe upume. Chifukwa chake ndikuchidziwa: sindinkapirira kuwaona ali choncho. Koma iwenso sunkapirira, unangosowa kothawira. Ndalakwa, ndipo ndikunena pagulu pano kuti onse amve.

Azakhali: Mwana wa alongo anga, mawu anga a m'mawa aja sindinawanene kuti ndichepetse ntchito yako. Ndinkakuona. Tsiku lina ndinakupeza ukuchapa zofunda kumjigo dzuwa lisanatuluke, manja atachita kuuma ndi chisanu. Bambo ako anandiuza yekha kuti mwana uyu ndamudyera unyamata wake. Ndinamuyankha kuti usatero, iye n'kungopukusa mutu.

Mkamwini: Pepani akuluakulu, ine sindilankhulalankhula pagulu pano, koma ndinenepo pang'ono. Apongozi anga atafooka, anakana kuti mwana wawo wamkazi aziwasambitsa, ndipo amayi analibe mphamvu zowadzutsa. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi sakhalirana pafupi. Tsiku lina anandiitana okha n'kunena kuti, bambo, inenso ndinabwera m'mudzi muno ngati mkamwini, manyazi tiwasiye pakhomo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawasambitsa ine, madzulo aliwonse dzuwa likadalipo kuti asazizidwe. Pamsana pawo panali zipsera za miyala ya kumgodi, ankandiuza mbiri ya chilichonse. Miyendo itayamba kutupa, nsapato zinasiya kulowa. Anandiuza ndiwabweretsere nsapato zawo za kutchalitchi ndi lumo, anadula okha pamwamba mwaluso, n'kundilangiza posoka lamba. Anapita nazo ku mgonero kawiri nsapato zimenezo, nditawakweza pa kabaza. Ine kwanga sanali wodwala chabe. Anali mphunzitsi wanga mpaka sabata yomaliza.

Naphiri wa kumudzi: Za nsapatozo ndinali nditaiwala. Zili pamwamba pa kabati.

Mdzukulu wamkulu: Amayi, inunso mwaiwala za singano. Agogo manja atayamba kunjenjemera, ine ndinkawalowetsera ulusi pa singano ndikaweruka ku sukulu. Kupalasa makina sankatha, mpweya unkawathera, ndiye ndinkapalasa ine iwo akuwongolera nsalu. Diresi langa la yunifolomu la Fomu 1 tinasoka choncho, masiku anayi. Akatopa ankatsamira pa makinawo n'kunena kuti dikira injini izizire. Ine agogo amphamvu amene akunenedwawa sindinawaone, ndinawadziwa akudwala kale. Koma sindiwakumbukira ngati munthu womvetsa chisoni ayi.

Naphiri wa kumudzi: Mwana iwe wandiliza. Zoona, ndinkamva makina akulira ndili kuseri kuphika, ndinkadziwa kuti lero kwacha bwino.

Msuweni (namwino): Ndilowepo pa mbali ya matendawa, chifukwa pa maliro ndinamva manong'onong'o, ena akuti analodzedwa chifukwa cha malo a dimba, ena akuti ndi matenda aja anthu amawanena chonong'ona. Amalume ankadwala silicosis. Mwala umene mumakhala golide uli ndi fumbi losalala kwambiri loti maso saliona. Munthu akalipuma zaka zambiri limakakhazikika m'mapapo, thupi limalephera kulichotsa, ndipo pamalopo pamachita zipsera. Mapapo amauma, satambasukanso bwino. Choopsa chake n'chakuti munthu amatha kuchoka kumgodi ali bwinobwino, matenda n'kudzaonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo, ndipo zipserazo zimapitirira kukula ngakhale fumbilo analisiya kalekale. Mankhwala ochiza palibe. Mapapo otere TB imawalowa mosavuta, n'chifukwa chake inawagwira kawiri. Kutupa miyendo kunabwera chifukwa mtima unatopa kukankha magazi kudutsa m'mapapo owumawo.

Ndikunena izi makamaka kwa inu asuweni a kumudzi. Munandifunsa usiku wa maliro ngati mukanawathamangitsira kuchipatala msanga akanakhala moyo. Ndinakuyankhani mwachidule chifukwa panali anthu. Yankho ndi lakuti ayi. Mofini wamadzi uja munkawapatsa sanawafupikitsire moyo, ankawachepetsera befu kuti agoneko. Ndaona odwala ambiri ogonera kumodzi, koma amalume anafika pomwalira opanda chilonda ngakhale chimodzi pamsana kapena m'chiuno. Zimenezo sizichitika zokha, ndi manja a munthu amene ankawatembenuza usiku.

Naphiri wa kumudzi: Zikomo asuweni. Funso limenelo lakhala likundidzutsa usiku chaka chonse.

Mzime: Atsibweni, nanga inu munayezetsapo m'chifuwa? Munali mumgodi womwewo.

Atsibweni (akulemba ndi mdzukulu wawo): Ine ndinakhalako ulendo umodzi wokha. Koma kukazizira ndimamva kulemera. Mwana wanga namwinoyo andiuze kopita, ndipita.

Msuweni (namwino): Ndidzakutengani ndekha pa Seputembala pomwepo, tikajambulitse X-ray ndi kuyezetsa makhololo.

Naphiri wa ku Joni: Pali nkhani ina imene ndakhala ndikuisunga chifukwa ndinkaopa kuti muziti ndikuganiza za ndalama pa imfa ya abambo. Kuno ku South Africa anthu amene anagwira ntchito m'migodi ya golide anasumira makampani chifukwa cha silicosis ndi TB. Mu 2018 anagwirizana kuti makampani 6 apereke ndalama zokwana 5 biliyoni randi, khoti linavomereza mu 2019, ndipo anakhazikitsa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizipereka chipukuta misozi. Zikukhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira mu 1965 mpaka 2019, ngakhale ochokera mayiko ena ngati kwathu, ndipo munthu akamwalira a pabanja pake atha kupempha. Chofunika ndi umboni woti anagwiradi ntchito kumeneko, makamaka nambala yawo ya kumgodi, mapepala a kuchipatala ndi chikalata cha imfa. Sindikulonjeza kuti tipata kanthu, amaunika okha. Koma ngati chilipo, n'cha amayi ndi achemwali. Ndipo kulembetsa n'kwaulere, wina akabwera kumudzi kuti perekani ndalama tikulembetseni za Theba, ameneyo ndi wakuba.

Wachisamba (Area 25): Palibe angakuganizire zoipa. Zimenezo si mphatso, ndi mapapo a abambo. Mzime, m'sutikesi muja unaonamo mapepala a kumgodi?

Mzime: Munali kachikwama kapulasitiki kokhala ndi khadi lakale lokhala ndi chithunzi chawo ali mnyamata, ndi mapepala ena achikasu. Sindinawerenge bwinobwino. Mabuku a kuchipatala onse ali ndi achemwali.

Naphiri wa kumudzi: Mabuku alipo 5, onse odzaza, ndi zithunzi za X-ray ziwiri. Sindinataye kanthu. Ndijambula mawa kukawala nditumize.

Tsono ndawawerengera amayi zonse zimene mwalembazi, kuyambira pa mawu a achimwene mpaka pano. Tinakhala pakhonde, anamvetsera osandidula. Pa nkhani ya ndege anaseka, akuti bambo anu mantha a ndege anali nawo mpaka ukalamba, ikamadutsa m'mwamba ankasiya kupalasa makina. Kenako anakhala chete nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndilembe izi monga momwe akunenera.

Akuti: Ana anga, m'mudzi muno tinalipo akazi ambiri amene amuna athu anapita ku Joni ndi ku Salisbury. Ena analandira kalata chaka choyamba, chachiwiri, kenako zii. Amuna awo anatchona, anakwatira komweko, ana anakula osadziwa nkhope ya bambo wawo. Ena analandira sutikesi yokha, mwini wake atakwiriridwa kuchilendo. Ine ulendo uliwonse akamanyamuka anzanga ankandiuza kuti ameneyo usamuyembekezere. Koma ankabwera, mwezi umene ananena, atanyamula zimene analonjeza. Atadwala, abale ake anafuna kumutenga kuti akamusamalire kwawo, iye anati ndinabwerera kuno katatu, ndichokerenji lero. Ndipo anapempha yekha kuti agone kumanda a kuno, azakhali anu ndi mboni, ndipo ndikuwathokoza kuti sanalimbane nazo. Ndiye pamwalapo musalembe za matenda, musalembenso za utelala. Lembani kuti anapita, anabwerako, anatilera.

Azakhali: Alamu anga anena. Ine ndilibe chowonjezera.

Naphiri wa ku Joni: "Anapita, anabwerako, anatilera." Amayi mawu amenewa andilasa ine amene ndili kuno. Auzeni kuti pa Seputembala ndikubwera, tikiti ya basi ndigula sabata ino, ndipo ndikhala mwezi wathunthu. Achemwali, mwezi umenewo inu simugwira mthiko.

Mzime: Ndikuvomera ndi mtima wonse. Achimwene, mmisiriyo alembe m'Chichewa momwemu, asatembenuze m'Chingerezi.

Wachisamba (Area 25): Alemba momwemo, ndikaimirira pomwepo akamazokota. Tsono za mwambo. Atsibweni akadziwitse a mfumu ndi adzukulu a kumanda kuti tidzalowe bwino. Ine ndikaonana ndi abusa ndi akulu a mpingo kuti atipatse Loweruka lake, komanso amayi a Chigwirizano amene ankabwera kudzawaimbira Lachinayi aja tiwaitane mwaulemu, adzadye nafe. Simenti matumba ndi mchenga ndiwerengetsa ndi mmisiri ndikuuzani mawa. Mbuzi imodzi ndi yanga. Ndipo mlongo wanga, ukatha mwambowu ubwere kuno ku Lilongwe ndi alamu mudzakhale sabata, amayi adzatsala ndi mng'ono wako.

Mkamwini: Njerwa musagule achimwene, ndinaotcha uvuni chaka chatha, zilipo zokwanira. Mchenga ndikatuta ndi ngolo kumtsinje.

Atsibweni (akulemba ndi mdzukulu wawo): Kwa a mfumu ndipita Lolemba. Pa tsikulo mudzandipatse mpata ndiyankhule, ndili ndi zambiri za ku komponi zimene mwanayu watopa kulemba.

Naphiri wa kumudzi: Achimwene, mukamabwera mundigulireko lamba wa makina, singano za nambala 16 ndi kabotolo ka mafuta a makina. Chiwasiyireni abambo sindinawavundukule, ndinkangowadutsa. Madzulo ano ndachotsa chitenje chija, ndapeza lamba wauma n'kuduka, koma gudumu likuzungulira bwinobwino. Pa singano padakali ulusi wabuluu umene mwanayu anawalowetsera komaliza. Nsalu yoyera yophimbira chiliza musagule yosokeratu, mungobweretsa mamita atatu, tidzapinda m'mphepete ine ndi mdzukulu wawoyu.

Wachisamba (Area 25): Ndalemba. Lamba, singano, mafuta, nsalu mamita atatu. Ndibwera nazo Lachisanu madzulo, ndipo ndigona konko.